Mareti, levi, zinyalala: kodi m'tauni muno mu Lusaka tizilipira kangati?

NaPhiri_Chilenje
Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Nyumba ndikukhalayi ndi ya malemu bambo anga, ija anagula nthawi imene nyumba za khonsolo zinkagulitsidwa. Kutsogolo ndinamangako kashopu, ndimagulitsa sopo, shuga, buledi, makandulo ndi unga wa pamela. Mwezi uno wokha pepala la mareti, msonkho wa nyumba uja wa khonsolo, lafika, layisensi ya shopu yatha, satifiketi ya moto yatha, pepala la azaumoyo latha, ndiye anyamata a zinyalala nawonso agogoda pageti. Zonsezi mu Januwale, ana akufuna nsapato. Fizi inachotsedwa mu 2022 inde, koma yunifolomu ndi makope sizinachotsedwe. Dzulo usiku ndawerengera kumbuyo kwa kope la ngongole, phindu lonse la Disembala lathera pomwepo, ndipo silinakwane. Kulipira sindikukana ayi. Koma palibe njira yoti misonkho imeneyi izikhala yoti munthu wamba n'kuikwanitsa? Anzanga mukuchita bwanji?

Wilibala_Soweto
Tikuchita bwanji? Tikuthawa amayi.

Kantemba24
Kkkk. Ine ndikangoona anthu ovala majekete owala akutulukira pakona, ndimatsitsa chitseko n'kukakhala kwa aneba ngati ndabwera kudzaona wodwala.

NaPhiri_Chilenje
Inu mungathawe chifukwa kantemba kamanyamulika. Ine ndithawa ndi nyumba?

AnaBanda_waTomato
Asisi a ku Chilenje, pepani, koma inu pepala limakupezani mwa apo ndi apo. Ife a pamsika ndi tsiku lililonse. Ndimadzuka 4 koloko kukaoda tomato, ndimulipire wa wilibala, ndifike pathebulo, ndiyale saka, ndipange timilu. Ndisanagulitse ngakhale mulu umodzi wa tikiti wafika kale, K5. Chimbudzi K2 ulendo uliwonse, moti masiku ena ndimangopewa kumwa madzi. Tsiku la mvula tomato aphwanyike, makasitomala asabwere, tikiti ndi yomweyo. Ndipo pamene ndimakhala ine denga likudontha chaka chachitatu tsopano, ndinachita kugula pulasitiki ndekha.

Mayeso_waMaakaunti
AnaBanda, ndiloleni ndichite masamu ndi K5 yanuyo, chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa nthawi zonse ndikamakonza malipiro a anthu kuntchito. Mukagulitsa masiku 26 pamwezi ndi K130. Pachaka ndi K1,560, osawerengera chimbudzi. Tsono pali msonkho wina wa khonsolo umene amadula anthu olembedwa ntchito, personal levy. Umenewo supitirira K15 pachaka. K7.50 mu Malichi, K7.50 mu Seputembala, basi. Kaya ndiwe mesenjala kaya ndiwe bwana wamkulu wa kampani woyendera galimoto ya magalasi akuda, ndi K15 yomweyo. Inali K15,000 ndalama zisanachotsedwe maziro atatu mu 2013, inangosintha maonekedwe. Ndiye AnaBanda ndi tomato wawo akupereka ku khonsolo kuwirikiza ka 104 kuposa levi ya bwana uja. Tikamati misonkho ikhale yokwanitsika, tiyambe tafunsa kuti yokwanitsika kwa ndani.

AnaBanda_waTomato
Ka 104? Mayo ine. Ndiye mzinda uno ndi wanga kani.

Nkhwazi77
A Mayeso musatiputire mavuto. Ife olembedwa ntchito atidula kale msonkho wa pamalipiro wa PAYE, ya penshoni ya NAPSA 5 peresenti, ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA 1 peresenti, ndalama isanafike n'komwe m'manja. Ndikatumiza kakuti kwa amayi ku Katete, kuyambira 2024 pali levi ya mobile money. Mukufuna atiwonjezere china?

Mayeso_waMaakaunti
Zonse mwatchulazo zimapita ku boma lalikulu ndi mabungwe ake achimwene, palibe ndi imodzi yomwe imene ndi msonkho wa khonsolo. Ndipo sindikunena za mphunzitsi kapena mlonda. Ndikunena kuti malire a K15 aja anaikidwa kale kwambiri, lero ndalamayo botolo la mafuta ophikira siyigula.

Nkhwazi77
Vuto ndi lakuti akanena zokweza sakwezera mabwana okha. Timazidziwa izi.

Mlembi_Wopuma
Ndiloleni ndilankhuleko ngati munthu amene ndinakhala kuseri kwa kauntala. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'makhonsolo zaka zambiri ndisanapume, osati mu Lusaka muno, koma matenda ake ndi amodzi.

Ana inu simunaione khonsolo ili ndi mafuta. Kale khonsolo ndiyo inali landilodi wamkulu m'tauni. Chilenje, Libala, Kabwata, Matero, nyumba zambirimbiri zija zinali zake, mwezi ukatha lendi inkalowa yokha. Mu 1996 boma la a Chiluba linalamula kuti nyumba zigulitsidwe kwa okhalamo, zina pamtengo wochita ngati kungopatsa. Anthu anavina, ndipo sindiwanena, NaPhiri lero ali ndi pogona chifukwa cha chimenecho. Koma khonsolo inataya ng'ombe yake ya mkaka. Madzi anali atapita kale ku kampani yake. Malayisensi a magalimoto anapita ku boma, lero mumalipira ku RTSA. Ngakhale mataveni amene khonsolo inkagulitsamo mowa wa masese anatha.

Chinatsala n'chiyani? Mareti, malayisensi a malonda, misika, masiteshoni a basi, ndi thandizo lochokera ku boma lija la Equalisation Fund. Pamene kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Lusaka muno muli anthu oposa 2 miliyoni, ambiri a iwo m'makomboni. Onsewo amataya zinyalala, onsewo akafa amafuna manda, nyumba ikapsa amaimbira ozimitsa moto. Ndiye ofesi ikasowa ndalama imathamangira amene ndi wosavuta kumugwira: wa shopu amene sangasamuke, mayi wa pathebulo amene amakhala pomwepo tsiku lonse. Si kuti amadana nanu. Ndinu amene muli pafupi ndi dzanja.

Ine ndinakhalapo miyezi isanu osalandira malipiro, ndikulemba malisiti a anthu ena. Ndiye mukamatukwana wa tikiti, dziwani kuti mwina nayenso kunyumba kwake sikunapsereze.

Wilibala_Soweto
Madala mwalankhula bwino koma mwawakometsa kwambiri anzanuwo. Ine ndimakankha wilibala m'matope ofika m'mawondo. Ndalama za matikiti a msika wonse uja zimalowera kuti?

Dalaivala_waMatero
Funso limenelo tinkafunsa kale pasiteshoni. 2021 isanafike, m'misika ndi m'masiteshoni munali makada, anyamata a chipani cholamula, aliyense akudziwa. Basi isananyamuke wapereka kwa uyu, wapereka kwa uyo, lisiti palibe, ukafunsa ufunsa ndi mano ochepa. Boma litasintha analengeza kuti makada achoke, khonsolo izitolera yokha. Zinapepukako, sindinama. Koma chizolowezi sichitha ndi chilengezo. Mpaka lero alipo anyamata ena amakuuza kuti bwana perekani theka, tisalembe. Ndipo ife madalaivala timavomera, chifukwa theka ndi lochepa. Kenaka madzulo tikudandaula kuti siteshoni ilibe magetsi.

Kantemba24
Apo mwandilasa a dalaivala. Theka lija ndimapereka ndine.

Mlembi_Wopuma
Eya, ndiye mwalipira kawiri mwana wanga. Theka kwa mnyamata, ndipo m'buku dzina lanu likadali ndi ngongole yonse.

Mulamu_waKuKasama
Ine ndaona njira yachidule alamu anga. Khonsolo ingoika levi pa mbewa. Basi iliyonse yochokera ku Chipata ikafika pa Intercity, asecha zikwama, K1 pa mbewa iliyonse. Pofika Ogasiti misewu yonse ya mu Lusaka ili ndi phula, mareti achotsedwa.

AnaBanda_waTomato
Tamuonani uyu! Ndani anamulowetsa pa gulu la anthu?

Gogo_waKuKatete
Tinamulowetsa ndife, anatikwatira mwana. Mulamu, levi ya mbewa tivomera tsiku limene a kwanu adzayambe kudulira nyani layisensi. Koma nyani mmodzi ndi mbewa mahandiredi angati? Muwerengere bwino, mungalire.

Mulamu_waKuKasama
Agogo mwandipha. Ndakhala pansi.

Gogo_waKuKatete
Poti mwandidzutsa, ndinene. Mawu akuti msonkho ife akale amatikumbutsa zina. Agogo anga aamuna ankasimba kuti anayenda pansi kuchoka kwathu mpaka ku mafamu a ku Southern Rhodesia, osati chifukwa kumudzi kunalibe chakudya, nkhokwe zinali zodzaza, koma chifukwa mzungu ankafuna msonkho wa nyumba ndipo ankaufuna wa ndalama, osati wa chimanga. Munthu ankayenda ndi chitupa chosonyeza kuti walipira. Mesenjala akatulukira, amuna onse kuthengo. Ndiye ndikamva a Kantemba akuthawira kwa aneba ndimaseka, magazi ake ndi omwewo. Koma uja unali msonkho wopita kwa eni ake ena. Uwu akuti ndi wathu. Ngati ndi wathu, atisonyeze chimene wagula.

Admin_Kummawa
Nkhani ya mbewa ithere pomwepo chonde, tibwerere kwa NaPhiri. Ndipo osatchula maina a anthu ogwira ntchito m'maofesi, tinagwirizana kale.

MwanaWaKanyama
Agogo anena mawu anga. Ife kuno nyumba zambiri tilibe mapepala ngati a ku Woodlands, tili ndi chilolezo chokhala pamalo cha zaka 30, occupancy licence, ndipo timalipira lendi ya malo, ground rent. Payokha si ndalama yoopsa. Chimene chimawawa ndi ichi: mvula ikagwa masiku atatu, madzi amalowa m'nyumba, timaika bedi pa mabuloko, mapoto akuyandama. Pansi pa Kanyama ndi mwala, madzi salowa msanga, ndipo zimbudzi zokumba zikadzaza zimasakanikirana ndi zitsime. Mu Januwale 2024 ndinagona panja pa Heroes Stadium masiku awiri kudikira kumva za mlongo wanga amene anali mkati ndi kolera. Anachira, Mulungu ngwabwino. Sukulu chaka chimenecho zinachedwa kutsegulidwa. Mu 2018 zinali chimodzimodzi, mpaka asilikali kulowa m'tauni kuchotsa mavenda ndi kuyeretsa ngalande. Ndiye wina akabwera ndi pepala kuti muli ndi ngongole ya ground rent, ndimamuyang'ana kumapazi kuti ndione ngati wavala majombo. Mundikumbire ngalande yotulutsa madzi, ndidzalipira chaka chonse tsiku limodzi, mosakakamizidwa.

Nkhwazi77
Koma ngalande zimatsekedwa ndi ndani? Si ife tomwe ndi mabotolo ndi matewera? Ngalande ya Bombay ija inakonzedwa ndi ndalama za ku America, pitani mukaone zimene anthu amaponyamo usiku pothawa kulipira a zinyalala.

MwanaWaKanyama
Amaponya chifukwa walipira mwezi, thirakitala osabwera masabata atatu, thumba likununkha pakhomo, ana akusewera pomwepo. Mukanatani inu?

Nkhwazi77
Ndikanapita kwa khansala.

MwanaWaKanyama
Kkkkk. Tinamuona komaliza akugawa zitenje.

Mlendo_waKuDedza
Ine ndine wa ku Malawi, ndimabwera kudzaoda katundu ku Kamwala. Ndikuwerenga ngati nkhani ya kwathu. Kwathu mavenda akatopa amangogwirizana msika wonse kuti sitidula tikiti mpaka zinyalala zichotsedwe ndi zimbudzi zikonzedwe. Nthawi zina zimathandiza, galimoto imabwera mawa lake. Koma pakapita mwezi zabwerera mwakale.

AnaBanda_waTomato
Kunyanyala n'kwa anthu amene ali ndi chakudya cha mawa achimwene. Akanditsekera thebulo tsiku limodzi, mabokosi awiri a tomato awola.

Lendi_Yakwera
Pali gulu lina simukulitchula, ife a lendi. Anthu amaganiza kuti mareti ndi nkhani ya eni nyumba. Bodza. Landilodi wanga pepala likangofika, mwezi wotsatira lendi yakwera, ndipo amakweza kuposa zimene zalembedwa papepalapo. Pa yadi pathu tilipo mabanja asanu ndi limodzi. Aliyense akawonjezera K100, werengani nokha. Mareti timalipira ndife, lisiti imatuluka m'dzina lake.

Landilodi_Wosauka
Si onse mwana wanga. Ine ndine wamasiye, penshoni ya malemu inatha kalekale, tizipinda titatu ta kuseri ndito timandidyetsa. Pa ndalama yomweyo a ZRA akufuna msonkho wa lendi, mareti, kupopa chimbudzi chikadzaza, pampu ikaonongeka ndine. Wa lendi mmodzi ali ndi miyezi inayi osalipira, ndimuthamangitse ndi khanda? Mukamati landilodi mumaona munthu wa mimba yaikulu. Enafe ndi dzina chabe.

Lendi_Yakwera
Pepani amayi, sindimanena inu.

Mayeso_waMaakaunti
Amayi a Landilodi akumbutsa chinthu chofunika. Mareti sawerengera zimene munthu amapeza, amawerengera mtengo wa nyumba ndi malo. Nyumba ya ku Chilenje kapena ku Libala imene inagulidwa motchipa mu 1996, lero mtengo wake uli kumwamba chifukwa tauni yakula, mamolo azungulira. Koma wokhalamo ndi gogo yemwe uja, ndalama zake sizinakule ndi tauni. Apa ndi pamene ine ndimati pafunika chifundo cholembedwa m'malamulo, osati chifundo cha kalaliki amene wakumana naye tsiku limenelo.

Mlembi_Wopuma
Mwanena zoona, ndipo ndiwonjezere zimene anthu ambiri sadziwa. Mareti amayenda ndi lamulo la Rating Act la 2018. Akatswiri amayendera nyumba n'kulemba mitengo yake m'kaundula, valuation roll. Kaundulayo asanayambe kugwira ntchito amaikidwa poyera kuti eni nyumba akaone, ndipo amene akuona kuti nyumba yake aikweza mtengo mopitirira ali ndi ufulu wokana molemba, nkhani n'kukamvedwa ku Rating Valuation Tribunal. Masiku amene ndinkagwira ntchito, buku limenelo linkakhala pathebulo milungu yathunthu. Obwera kudzaliona anali maloya a makampani ndi eni mahotela. Munthu wamba ndinkamuona patapita chaka, atanyamula pepala, maso ali psuu, nthawi yokana itatha kale.

Chimodzimodzi bajeti. Mitengo ya malayisensi ndi matikiti siigwa kumwamba. Imakambidwa chaka chikamatha, makhansala amavomereza, kenaka imapita kwa nduna ya maboma aang'ono. Misonkhano ya makhansala onse munthu wamba amaloledwa kukakhala n'kumvetsera. M'mawodi muli makomiti a chitukuko, ma WDC, amene lamulo la Local Government Act la 2019 linakhazikitsa. Meya kuyambira 2016 timasankha tokha pa voti. Zitseko zilipo, kungoti zilengezo zake amaziika m'nyuzipepala imene AnaBanda amangoiona pokulunga tomato.

AnaBanda_waTomato
Ndipo imakulunga bwino.

Dalaivala_waMatero
Nanga CDF, ndalama za chitukuko zimene boma limapereka ku konstityuwensi iliyonse? Tinamva kuti inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Ndalama zonsezo zikubwera, bwanji osatitsitsira matikiti?

Mayeso_waMaakaunti
CDF ili ndi ntchito zake a dalaivala: makalasi, zipatala zing'onozing'ono, madesiki, mabasale a ana, ngongole za magulu. Siyolipirira wosesa mumsika mwezi ndi mwezi. Koma denga la AnaBanda lija likhoza kulowa ngati anthu a m'wodi atalilemba n'kulikankha. Komanso taganizani, konstityuwensi ya Kanyama ndi chinamtindi cha anthu chija imalandira mofanana ndi konstityuwensi ya kumudzi ya anthu ochepa. Imeneyo ndi nkhani ina, tingakangane mpaka mawa.

Gogo_waKuKatete
Musayambe kunyoza kumudzi. Kumudzi mtunda wopita ku chipatala mukuudziwa?

Mayeso_waMaakaunti
Ndabweza agogo.

Kantemba24
Ine zanga ndi zazifupi. Pepala likhale limodzi. Osati uyu wa moto, uyu wa zaumoyo, uyu wa layisensi, aliyense tsiku lake, mzere wake, ndipo tsiku limene uli pamzere shopu ndi yotseka. Andiuze kuti kantemba ngati kako ndi zakuti pachaka, ndizilipira pang'onopang'ono pafoni mwezi uliwonse, uthenga uzibwera ngati lisiti. Ndikatero ndithawiranji kwa aneba? Ndipo kantemba ka mabisiketi asakayese ndi muyeso wa holoselo ya ku Kamwala.

Wilibala_Soweto
Pafoni ndiye bwino, foni siipempha ya drinki.

Nkhwazi77
Koma netiweki ikagwa, kapena malaiti akapita maola 17 ngati mu 2024, mudzalipira bwanji? Ndipo agogo a kafoni kamabatani adzaberedwa ndi adzukulu.

Gogo_waKuKatete
Adzukulu amandibera kale, palibe chatsopano.

NaPhiri_Chilenje
Abale, ndabwera kumene, ndikuuzeni. Ndinatsatira mawu a bambo Mlembi, ndinapita ndekha ku khonsolo m'malo modikira kuti andipeze. Ndafika 8 koloko, ndatuluka dzuwa lili paliwombo. Mtsikana wa pakauntala anatembenuza kompyuta kuti ndione ndi maso anga. Abale, akauntiyo ikadali m'dzina la malemu bambo, ndipo zambiri zimene zili papepala lija si za chaka chino, ndi zotsalira za zaka zimene iwo ankadwala, ife tili kalikiliki ndi chipatala. Ndinangoti kakasi. Ndapereka zimene ndinali nazo, andipatsa lisiti, akuti zotsalazo ndizipereka pang'onopang'ono koma ndisadumphitse. Za kusintha dzina akuti ndibwere ndi mapepala a imfa ndi a woyang'anira chuma cha masiye, ndiye ndiyambe ndakambirana ndi achimwene anga a ku Chipata, amene foni sayankha akamva kuti ndi nkhani ya nyumba. Layisensi ya shopu ndiye idikire kaye kutha kwa mwezi. A Kantemba, mundisungire malo kwa aneba anuwo.

Mlembi_Wopuma
Mwachita bwino mwana wanga. Lisitiyo muijambule pafoni, inki ya timapepala timeneti imafufutika miyezi ingapo. Ndipo nkhani ya dzinayo musaigonetse, ndaonapo nyumba zikupasula mabanja.

Mayeso_waMaakaunti
Ine ndikhoza kulemba kalata ya mfundo zimene zatuluka muno: kulipira pang'onopang'ono, pepala limodzi kwa a timashopu, kuchepetsera okalamba ndi amasiye, ndi kuti pageti la msika uliwonse azimata pepala losonyeza zimene zatoleredwa mwezi umenewo ndi zimene zagwiritsidwa ntchito. Aliyense akaipereke kwa komiti ya wodi yake ndi kwa khansala wake. Koma isakhale ya Chingerezi chokha, ndilemba ndi Chinyanja chomwe.

Nkhwazi77
Ya personal levy ija musaikemo.

Mayeso_waMaakaunti
Ndiikamo, mudzaifufute nokha pa kope lanu.

MwanaWaKanyama
Muikemo ngalande. Poyamba penipeni, osati kumapeto.

Admin_Kummawa
Chabwino. Amene akufuna kuona kalatayo isanatuluke tikumane Loweruka 14 koloko, malo ndikuuzani ku inbox. Mulamu wa ku Kasama abwere ndi mipando.

AnaBanda_waTomato
Loweruka ndiye tsiku la malonda abale. Ndibwera ngati wina atumiza mwana wake adzandikhalire pathebulo, koma akhale wodziwa kuwerenga chenji, wa ulendo watha anandigulitsira milu itatu pa mtengo wa umodzi.